Chipatala cha Tsidya Lija

Mukatenga mapu a Ufumu wa Mawatiwona n'kutsatira mtsinje wa Sinthanjira ndi chala, mufika pamene pali kadontho kakuda. Akuluakulu a ku likulu amati kadonthoko ndi tauni ya Wolokani. Anthu a ku Wolokani amati ndi ntchentche inadzithandiza pamenepo wojambula mapu atapita kokadya, chifukwa kadonthoko kali paphiri, pamene iwo amakhala m'mphepete mwa madzi, ena uku ena uko.

Sinthanjira si mtsinje wokhazikika maganizo. Pakapita zaka zingapo umayang'ana kumene wakhala ukudutsa, n'kuona kuti unalakwitsa, n'kutsegula njira ina. Anthu anazolowera. Mbali ina ya mtsinjewu kuli msika, chigayo ndi tchalitchi. Mbali inayo kuli sukulu, madimba ndi manda. Motero munthu wa ku Wolokani amawoloka pokaphunzira, amawoloka pokagayitsa, amawoloka pokafunsira mbeta, ndipo ena amawoloka komaliza atagona chagada. Mbali ziwirizi zilibe maina. Pamene waima ndi tsidya lino, kumene ukuloza ndi tsidya lija. Chiyambire makolo palibe amene anasocherapo ndi mawu amenewa, kufikira tsiku limene boma linaganiza zowathandiza.

Pa nthawiyo pampando panali Mfumu ya Mafumu Sindilakwa Wachitatu, mdzukulu wa Sindilakwa Woyamba, amene anakhazikitsa lamulo loti mawu otuluka pakamwa pa mfumu azilembedwa monga agwera, osawonjezera, osachotsera. Akuti tsiku lina mfumu inayetsemula pakati pa msonkhano, ndipo kuyetsemulako kuli m'buku la malamulo mpaka lero, pandime 47. Maloya akukanganabe ngati kumaletsa kapena kumalola.

M'mawa wina mfumu inadzuka ndi funso. "Anthu amene amandikonda alipo angati?"

Nduna ya Mapu ndi Mitu ya Anthu, Bwana Ndavomera, anagwada. "Onse, Mwinidziko."

"Onsewo ndi angati?"

Apa nduna inakanda m'mutu, ndipo kalembera anabadwa. Kuti anthu asathawire kutchire poganiza kuti kukubwera msonkho, mfumu inalonjeza kuti tauni iliyonse yopitirira anthu chikwi chimodzi idzalandira chipatala cha amayi, ndipo denga likadzangotha kudzabwera namwino. Pofuna kusunga inki, unduna unakonza mafunso atatu okha: mutu wa banja ndani, kwanu n'kuti, ndipo muli angati.

Ku Wolokani anatumizako kalaliki wina dzina lake Lekisoni Chalembedwa, munthu wowonda amene ankavala tayi ngakhale mu Okutobala. Ndinene poyera kuti sanali munthu woipa. Sankalandira nkhuku zakuseri, sankatukwana, ankapereka moni kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Vuto lake linali limodzi: pepala likanena kuti kunja kuli mvula, iye ankafunda ambulera dzuwa likuswa mtengo.

Chimene a ku likulu sankadziwa n'chakuti ku Wolokani mwamuna sakwatira mbali imene anabadwira, poti kumeneko pafupifupi mtsikana aliyense ndi mlongo wake. Amawoloka, n'kukamanga nyumba kwa mkazi monga mkamwini. Tsono mkamwini angakhale pamudzi zaka makumi anayi, abereke ana, aone zidzukulu, mano athe m'kamwa, koma mukamufunsa kuti kwanu n'kuti, amaloza ndi mlomo kumene anasiya mayi ake.

Chalembedwa anayambira mbali ya kumsika.

"Mutu wa banja ndani pano?"

Mayi wa pakhomopo anayang'ana mwamuna wake n'kumwetulira. "Lero ndi awa."

"Bambo, kwanu n'kuti?"

"Tsidya lija, bwana."

Analemba. Khomo lachiwiri, tsidya lija. Lachitatu, tsidya lija. Atamaliza mbali yonseyo anakwera bwato la Jailosi, wopalasa wa padooko, ali wokondwa kuti tsopano akupita kumene kuli anthu. Atafika mbali ya kusukulu anafunsa bambo woyamba, ndipo bamboyo analoza komwe kalaliki ankachokera. "Tsidya lija, bwana." Chalembedwa anadabwa pang'ono, koma ntchito yake inali yolemba, kudabwa kunali kwa dipatimenti ina. Ngakhale amayi amasiye anaitanitsa akamwini awo kuti awayankhire, poti za boma amati n'za amuna.

Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kuyankhiridwa. Ameneyu anali mzamba wa m'tauniyo, Dolifa Nangondo, mayi wamfupi wa manja olimba amene ankakhala pafupi ndi sukulu.

"Mutu wa banja ndani, mayi?"

"Ali kumanda uko, mukawafunse ngati muli ndi nthawi. Pakadali pano ndine."

"Kwanu n'kuti?"

"Pompano. Mchombo wanga anaukwirira patsinde pa bwemba uyo."

"Ndiye kuti tsidya lino."

"Mwaimapo."

"Muli angati m'nyumba muno?"

Nangondo analoza ndi chala. "Mwana wanga Eneresi ali ndi nyumba yake apo, mwamulemba kale kwa mwamuna wake. Ndinali ndi wina, Felesiya. Lembani kuti ndili ndekha."

Za Felesiya aliyense ku Wolokani ankazidziwa. Anali mwana woyamba wa Nangondo. Uchembere wake unavuta mu Januwale mtsinje utadzaza, ndipo mzamba amene analandira theka la tauniyo m'manja mwake analephera pa mwana wake yemwe. Anamukweza m'bwato kulowera kuchipatala cha ku boma, ulendo wa maola asanu kutsata madzi. Felesiya anatsirizika pa ola lachitatu, mutu uli pamiyendo ya mayi ake, ndipo Jailosi anatembenuza bwato n'kubwerera. Ena onse m'tauniyo lonjezo la chipatala ankalimva ngati malonjezo ena a mfumu, olowa khutu ili n'kutulukira linali. Nangondo ankachifuna chipatalacho ndi mtima wake wonse.

Lipoti litafika ku likulu, Bwana Ndavomera analiwerenga m'bwalo atatukumula chifuwa. "Mwinidziko, tauni ya Wolokani ili ndi zigawo ziwiri. Ku Tsidya Lija kuli anthu 1,318. Ku Tsidya Lino kuli munthu mmodzi, mayi wachikulire."

"Akutani yekhayekha kumeneko?"

"Akukukondani, Mwinidziko."

Mfumu inakhutira. "Chipatala chimangidwe tsidya lija, kumene kuli anthu."

Alembi analemba, chidindo chinagunda, nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma za m'maluwa izi zinali ndi chidindo cha mfumu. Chalembedwa anakwezedwa kukhala kapitawo wa ntchitoyo. Bwana Ndavomera anamupatsa kalatayo pamodzi ndi malangizo awiri: aziiwerenga mokweza m'mawa uliwonse ntchito isanayambe, ndipo isachoke m'manja mwake.

Malole anatsitsa njerwa, simenti ndi malata padooko la kumsika, poti msewu umathera pamenepo. M'mawa mwake Chalembedwa anakonza tayi n'kuwerenga pamaso pa amisiri: "Chipatala chimangidwe tsidya lija." Anayang'ana kutsidya. Panalibe chovuta. Jailosi ndi anzake anawolotsa katunduyo milungu isanu ndi umodzi, njerwa makumi anayi paulendo, kapitawo n'kuwoloka ndi bwato lomaliza. Kutacha, amisiri atagwira kale makasu kuti akumbe maziko pafupi ndi sukulu, iye anatulutsa kalata monga mwa malangizo.

"Chipatala chimangidwe tsidya lija."

Anawerenganso chamumtima. Anayang'ana pansi pamene anaima, n'kuyang'ana kumsika kumene anachokera. Thukuta linatsikira m'kolala.

"Bwana," anatero mmisiri wamkulu, "si tafika?"

"Tafika tsidya lino," anayankha Chalembedwa mwachisoni. "Kalata ikuti lija. Senzani."

Zinatero zaka zitatu. Njerwa zinawoloka Sinthanjira uku ndi uko mpaka makona onse anatha, zinayamba kuoneka ngati mabanzi. Simenti inaumira m'matumba momwemo, amayi n'kumachapirapo zovala. Pamsika nkhaniyo inalowa m'malo mwa moni.

"Chipatala chadzuka bwanji lero?"

"Chadzuka bwino, chikuwoloka."

Mayi wina wogulitsa tomato ankati njerwazo zikadzafika pomangidwa zidzakhala zitadziwa kusambira, ndipo zili bwino choncho poti nyumba ya m'mphepete mwa Sinthanjira imafunika luso limenelo. Wometa tsitsi wa pansi pa mango anati iye akuthokoza boma, chifukwa matauni ena ali ndi chipatala mbali imodzi yokha, pamene Wolokani ali nacho mbali zonse, mosinthanasinthana. Jailosi yekha sankathirirapo ndemanga. Mapewa ake anakula ngati a ng'ombe yapangolo, ndipo anthu akamuseka ankangoti, "Ine ndimawolotsa chimene chakwera."

Chalembedwa analembera ku likulu kupempha kuti amuunikire. Kunabwera komiti ya anthu asanu ndi awiri, a magalasi ndi zipewa. Inaima mbali ya kumsika n'kufunsa anthu kuti tsidya lija ndi kuti, onse analoza kusukulu. Inawoloka n'kufunsanso, onse analoza kumsika. Komiti inadya milamba yootcha mbali zonse ziwiri, pofuna kusakondera, n'kubwerera. Patatha miyezi khumi yankho linafika: "Kafukufuku wapeza kuti Tsidya Lija lilipo ndithu, ndipo nzika zonse zikulidziwa. Funso lanu likuonetsa kukayikira mawu a Mwinidziko. Musafunsenso."

M'chaka chachinayi, kutayamba kuzizira, Nangondo anaona Eneresi akulavulalavula m'mawa ndi kuthawa fungo la nsomba. Mzamba safunsa zoterezi. Anawerenga miyezi pazala, ndipo chala chinaima pa Januwale. Tsiku limenelo sanadye. Anachita mantha, mantha enieni a mayi amene anaikapo kale mwana.

M'mawa mwake anavala chitenje chake cha kutchalitchi n'kuwoloka. Anapeza Chalembedwa padooko la kumsika atakhala pamulu wa njerwa, tayi itasuluka, akudikira amisiri kuti ayambenso kusenza.

"Akapitawo, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu."

"Tadzuka. Tandiwerengereni kalata yanuyo, ine maso anatha."

Chalembedwa anaimirira, poti mawu a mfumu sawerenga chokhala, n'kuwerenga.

"Akuti chimangidwe n'chiyani?"

"Chipatala."

"Akunenapo kuti kapitawo amangidwe nacho limodzi?"

"Ayi, mayi."

"Nanga inu mumawolokeranji? Njerwa zipite, amisiri apite. Inu khalani pompano ndi kalata yanu. M'mawa uliwonse muziwerenga mokweza, muziyang'ana uko, muziona chipatala chikukwera tsidya lija. Pamenepo mwaphwanya lamulo liti?"

Chalembedwa anayang'ananso kalatayo. Anaitembenuza nkhaniyo uku ndi uku kufunafuna pamene pali bowo, osapapeza.

"Koma kapitawo amayenera kuyendera ntchito."

"Maso muli nawo. M'chilimwe mtsinjewu ndi waung'ono. Khoma likapindika mukuwa, amva."

"Ndiye kuti ineyo sindidzapondamo m'chipatalamo."

"Mukapondamo kukatani? N'cha amayi."

Amisiri anaseka, koma Nangondo sanaseke. Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Bambo Chalembedwa, mwana wanga ali ndi pakati. Achira mu Januwale. Wina ndinamutaya m'bwato. Uyu sindimukweza."

Kapitawo anakumbukira tsiku limene analemba ndi dzanja lake kuti mayiyu ali yekha. Pa nthawiyo inali nambala chabe, tsopano ndi pamene anaimva. Anachita manyazi, ndipo sanabise.

"Senzani," anauza amisiri. "Ine nditsala."

Chipatala chinakwera m'miyezi inayi. Simenti poti inali itasanduka miyala anaiponya m'maziko, makoma n'kumangira dothi la pachulu monga zimangidwira nyumba za anthu. Amuna a mbali zonse anabwera kudzathandiza. A kumsika ankati akumanga kwawo, a kusukulu ankati akumangira apongozi, ndipo panalibe gulu lofuna kuoneka laulesi pamaso pa linzake. M'mawa uliwonse Chalembedwa ankaima padooko, n'kuwerenga kalata yake kudzera m'lata lopinda ngati lipenga, amisiri kutsidya n'kuyankha kuti amva. Nangondo ankamutumizira mbatata yootcha pa bwato la Jailosi.

Denga litatha, mfumu inabwera yokha kudzatsegulira, ndi magalimoto makumi awiri ndi gulu la malipenga. Itatsika padooko la kumsika inaona nyumba yoyera kutsidya, malata akung'anima, ndipo inaitanitsa bwato. Apa Chalembedwa anadzigwetsa pansi.

"Mwinidziko, mukawoloka, chipatalacho chikhala tsidya lino."

"Ndiye?"

"Inu munalamula kuti chimangidwe tsidya lija."

Bwana Ndavomera anayang'anitsitsa nkhope ya mfumu kuti aone choti avomere. Mfumu inaganiza nthawi yaitali, chinthu chimene ambiri mwa anthu ake anali asanachionepo.

"Ine sindilakwa," inatero potsiriza. "Nditsegulira pompano. Ndimafuna kuona ngati kapitawoyu ali tcheru."

Riboni imene anabwera nayo inali yaifupi, choncho amayi a mbali zonse anamasula zitenje zawo zapamwamba n'kuzilumikiza, Jailosi n'kukokera nsonga yake mpaka pakhonde la chipatala. Sizasi yagolide ya mfumu inagwera pa chitenje cha mayi wa tomato uja, amene mpaka lero amauza ogula kuti m'dziko lonseli ndi iye yekha amene mfumu inamung'ambirapo nsalu. Kenako mfumu inalankhula maola awiri za chikondi chake pa amayi a Tsidya Lija. Mphepo inkaombera kumsika, motero a kusukulu ankangoona pakamwa pakuyenda, n'kumaomba m'manja akaona kuti patsekeka. Sabata yotsatira namwino anafika ndi bokosi lake la zipangizo, ndipo Nangondo anamusesera yekha chipinda.

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu osapumira, ndipo Sinthanjira anakumbukira dzina lake. Anaboola gombe kumtunda kwa tauni, nadzera kuseri kwa sukulu ndi manda, nasiya njira yake yakale ili mchenga ndi zithaphwi. Pa tsiku lachinayi anthu anadzuka n'kupeza msika, sukulu ndi chipatala zili pamtunda umodzi, madimba okha ndiwo atsala kutsidya. Aliyense anathamangira kukatola milamba imene inkaphiriphitha m'matope. Jailosi anapempha amuna anayi kuti amuthandize kunyamula bwato kulondola kumene mtsinje wasamukira.

Chalembedwa anaima padooko lopanda madzi n'kuwerenga kalata yake monga mwa masiku onse. "Chipatala chimangidwe tsidya lija." Anakweza maso. Pakati pa iye ndi chipatala panalibe mtsinje. Osasuntha phazi ndi limodzi lomwe, anali ataphwanya lamulo la mfumu.

Anayenda wapansi kudutsa pamene anawolokapo ndi bwato kambirimbiri, nsapato zikutitimira, anthu akumutsatira nsomba zili m'manja. Pansi pa bwemba anapeza Wedisoni, mwamuna wa Eneresi, atagwira mutu. Matenda a Eneresi anali atayamba dzulo lake, ndipo mwana anali atagona mopingasa. M'chipatalamo namwino ankalankhula motsitsa, ndipo nthawi ndi nthawi kunkamveka kubuula.

Nangondo anatulukira pakhonde, malaya atapindira m'mikono, maso atalowa m'kati ndi kutopa.

"Akapitawo, mwabwera kudzazonda odwala?"

"Mayi," anatero Chalembedwa, "mtsinje wasuntha. Kalata ili m'manja mwangamu, ine ndili pano, nyumbayi ili pano. Ndiye kuti yamangidwa tsidya lino. Ndiyenera kusasula denga, tiyambenso kusenza."

"Liti?"

"Lamulo silinena za kudikira."

Anthu a ku Wolokani amaseka chilichonse, maliro omwe amapezapo poseka, koma apa panalibe anaseka. M'katimo Eneresi anabuulanso, motalika.

"Mwamumva?" anatero Nangondo. "Munamulemba kuti ndi wa tsidya lija, koma akubuulira tsidya lino. Denga limenelo mulisasulira pamutu pake?"

Chalembedwa anayang'ana kumene kunkamveka mkokomo wa madzi. "Ndiwoloke nayo ndekha kalatayi. Ndikakhale kumadimbako."

Jailosi, amene anali atabwerera kudzatenga nkhafi yake, anapukusa mutu. "Madzi awa munthu wa tayi sindimukweza, bwana. Ndinatembenuzapo bwato kamodzi, kwandikwanira. Pepala ndikweza."

"Zaka zitatu munawolotsa njerwa," anatero Nangondo. "Tandiuzani, bambo, kalata yanuyo imalemera bwanji?"

"Malangizo akuti isachoke m'manja mwanga."

"Malangizowo ananena ndi Mwinidziko?"

Chalembedwa anaganiza. "Ayi. Ananena ndi Bwana Ndavomera."

"Ndiye avomera."

Kapitawo anayang'ana kalatayo. Inali itathetheka m'mipindiro, chidindo chitafufuma ndi thukuta la zaka zinayi. Ankagona nayo, ankadya nayo, ndipo kunena zoona sankadziwanso kuti popanda iyo ndi ndani. Anaipinda bwinobwino, n'kuipereka kwa Jailosi ndi manja awiri.

Jailosi anaiika m'chitini chakale cha mkaka, natseka, nachimangirira m'chiuno. Anthu anathamangira kuseri kwa sukulu kukaonerera. Madzi anali ofiira, akunyamula mitengo ndi mabango, ndipo bwato linakokoloka mtunda ndithu lisanagunde gombe linalo. Jailosi anakwera mumkuyu wa m'mphepete mwa madimba n'kupachika chitinicho panthambi. Kuwerenga sankadziwa, koma mawu amenewo anali atawamva m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi. Anaima panthambipo, naloza malata a chipatala, nakuwa ndi mphamvu zake zonse: "Chipatala chimangidwe tsidya lija!"

"Chamangidwa!" anayankha anthu.

Dzuwa lili pamutu, namwino atalimbana nazo mpaka thukuta kunyowetsa diresi, m'chipatala munamveka kulira kwa khanda. Wedisoni anaimirira n'kusendera pakhonde. Panapita nthawi Nangondo asanatuluke, ndipo atatuluka ankalira poyera, osapukuta misozi.

"Onse awiri ali bwino," anatero. "Onse awiri."

Amayi analuluta. Chalembedwa anaima pambali, manja ali lende, osadziwa choti agwire. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa buku lake lakale la kalembera, limene anali asanalitaye.

"Pabadwa munthu," anatero, "ayenera kulembedwa. Bambo a mwana, kwanu n'ku..."

"Musawafunse awo," anamudula Nangondo, "akulozerani kutsidya. Ndi mtsikana. Kwawo ndi pompano."

"Ndiye kuti tsidya lino."

"Mwaimapo."

Chalembedwa anatsegula tsamba la Tsidya Lino, nafufuta 1, nalemba 2. Chaka chimenecho Bwana Ndavomera analengeza m'bwalo kuti chiwerengero cha anthu a ku Tsidya Lino chawirikiza kawiri, chinthu chimene sichinachitikepo m'dziko lina lililonse, ndipo mfumu inadziveka mendulo. Kalata ikadali m'chitini mpaka lero, ndipo mtsinje ukasuntha Jailosi amaisunthanso. Koma izo n'za pambuyo. Pakhonde paja kapitawo anali ndi funso lina limodzi.

"Dzina lake ndani, mayi?"

"Dzina timatcha mwana akatuluka m'chikuta," anatero Nangondo. Anayang'ana chakumanda. "Koma poti n'za boma, lembani kuti Felesiya."

Chalembedwa anamva bwinobwino. Koma anayang'ana nkhope ya mayiyo, n'kuzindikira kuti dzina limeneli lakhala zaka zambiri osaitanidwa pakhomo pake. Anaimitsa cholembera.

"Pepani mayi, mkokomo wa madziwu wanditseka makutu. Mwati ndani?"

"Felesiya," anatero Nangondo mokweza, ngati akuitana munthu amene ali tsidya lija.